Mabuleki a Lachisanu

Galimoto yathu inayamba kulira mokhuzana zitsulo ndikaponda buleki. Nditachotsa tayala ndinapeza mapadi atatheratu, disiki itakumbika mizere. Ndinagula zatsopano za matayala onse awiri akutsogolo, poti sasintha mbali imodzi yokha.

Linali Lachisanu, tsiku lokonzekera Sabata, ndipo ndinayamba mochedwa. Jeke yekha sindinamukhulupirire, ndinatsamiritsanso galimoto pa chipika. Fumbi la mapadi ndinalipukuta ndi nsalu yonyowa, osaliuzira, chifukwa limawononga mapapo. Bawuti imodzi yadzimbiri inandidyera nthawi.

"Bambo, dzuwatu likulowa," anatero mayi akunyumba.

Ndinamanga msangamsanga n'kuliza injini kuti ndiyese. Nditaponda buleki, phazi linangofika pansi, galimoto ikupitabe! Ndinali nditaiwala kuti ukabwezera pisitoni mkati, umayenera kupopa buleki kangapo mpaka ilimbe galimoto isanasunthe. Handibuleki ndiyo inandiimitsa, nditatsala pang'ono kugunda mpanda pomwe mwana wathu ankapolisha nsapato zake.

M'mawa mwake tinapita kutchalitchi wapansi. Mabuleki ndinawayesa Lamlungu, mwanayo ali m'nyumba.