Kuwerenga Mabala Osaoneka

Abale anga, kuno ku London dzuwa la Disembala limalowa 4 koloko isanakwane. Kwanuko nthawi ino chimanga chikubiriwira, ana akuthamangitsa ngumbi madzulo. Ine ndimangokhala pa kompyuta nditavala majuzi awiri, kuphunzira kawerengedwe ka asilikali ovutika maganizo.

Munandifunsa kuti nthenda yosaoneka angaiwerenge bwanji munthu. Amachita ngati mayi wolawa ndiwo, amene amangotapa pang'ono n'kudziwa mchere wa mphika wonse. Pang'onopo kuno amati sample. Akatswiri a ku King's College London akhala akutsata asilikali a dziko lino kuyambira nkhondo ya ku Iraq ya 2003. Pa zimene anatulutsa mu 2010, asilikali oyankha analipo 9,990.

Aliyense ankayankha mafunso 17 okhudza maloto oipa, kudzidzimuka ndi kusowa tulo. Funso lililonse linali ndi mapointi 1 mpaka 5. Onse pamodzi akafika 50, ankati mwina munthuyo ali ndi PTSD, bala la m'maganizo lotsalira munthu akaona zoopsa. Anapeza asilikali 4 mwa 100 alionse ali otero, ndipo 13 mwa 100 mowa utawalowerera.

Chimene chimandisowetsa tulo ndi amene sanayankhe, 44 mwa 100 alionse amene anafunsidwa. Anyamata a maudindo otsika sakonda kubweza fomu, choncho yankho la mnyamata amene wabweza amalipatsa mphamvu yochulukirapo kuti liimirenso anzake ongokhala chete. Njira imeneyi amati weighting. Masamu ake ndi abwino ndithu, koma amandikumbutsa ku Zomba. Kumeneko mnyamata akabwera kokhazikitsa bata ku Congo n'kusiya kuseka, azakhali ake sadikira fomu. Amaonera nsima imene wasiya m'mbale, mawa lake amalume afika kale pakhonde.

Kuno amene ndayandikana naye nyumba sindikumudziwa ndi dzina lomwe, chikhalirecho chaka chatha. Loweruka ndimakagula ufa ku Peckham, koma nsima yodya wekha imakakamira pakhosi. Nsomba ya kuno ya mufiriji singafanane ndi chambo, nkhwani wotendera ndiye musanene. Atandipatsa fomu ija, funso la tulo ndingalembe 5.

Tsono wina akamabwera kuno, mumupatsire kajumbo ka usipa. Ndipo m'bale wathu amene ndi msilikali akafika kwanuko, musathamangire kumufunsa za kunkhondo. Muyalireni mkeka, mudye naye mbale imodzi.