Kandege kanauluka ndi lendi yanga

Ndinafika ku Chanco ndisanagwirepo K100,000 m'manja mwanga. Kwathu ndalama timaziona tikagulitsa nandolo, ndipo amayi amazimanga pansonga ya chitenje. Tsiku lomwe ngongole ya ophunzira, ija imadzera ku Higher Education Students' Loans and Grants Board, inalowa, ndinakhala pabedi m'kachipinda kathu ku Chikanda kumangowerenga uthengawo mobwereza.

Mnzanga wogona naye ndiye anandionetsa kandege. Kamanyamuka pagalasi la foni, nambala n'kumakwera: 1.2, 1.8, 3. Ukadina kasanathawe, ndalama yako imachulukitsidwa ndi nambalayo. Ukachedwa, yapita. Ndinaika K500, ndinatulutsa K2,000. Usiku umenewo tinadya tchipisi cha nyama, wolipira ndili ine.

Ndalama ya pafoni siwawa ikamachoka. Yapepala umaiwerenga, umamva thumba likupepuka. Iyi umangodina manambala anayi a PIN, basi. Ndinkabetcha m'kalasi, mulaibulale, ngakhale podikira nsima.

Mu November 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti. Sopo, shuga, makala, zonse zinakwera, a landilodi nawo anawonjezera lendi. M'malo mosiya, ndinkati kandege komweko ndiko kandiwombole. Ndinatenga ngongole ya pafoni osayang'ana n'komwe chiwongoladzanja. Itandithina, ndinapita kwa wakatapila wina kumsika. Anandipatsa K60,000, ndibweze K90,000 pakutha pa mwezi, chikole laputopu. Ndalamayo sinagone masiku atatu.

Mayeso anandipeza ndilibe laputopu, lendi ya miyezi iwiri isanaperekedwe, ndikugonera madzi. Loweruka lina ndinakwera phiri wapansi, kudutsa anyamata ogulitsa sitiroberi cha ku Ku Chawe, mpaka padamu la Mulunguzi. Ndinakhala pamenepo mpaka dzuwa kupendeka. Sindibisa: sindinkafuna kutsikanso.

Foni inalira. Anali amayi, pafoni ya aneba.

"Iwe, wadya?"

Ndinayesa kunama koma mawu anakana. "Amayi, ndalakwa."

"Tsika kaye kumeneko kusanade. Ndikubwera Lolemba."

Anabweradi, paminibasi, atanyamula ufa ndi nyemba. Sanandikalipire. Amayi sadziwa kuwerenga kalata, koma pa ndalama simungawabere ngakhale tambala. Anati, "Foni yakoyo imasunga zonse eti? Werenga ndimve." Ndinatsegula mauthenga a ndalama zonse zimene zinatuluka, kuyambira loyamba. Ndinkawerenga mokweza, n'kumalemba m'kope la notsi: K1,000, K500, K5,000, K5,000 inanso patangotha mphindi ziwiri. Zambiri zinatuluka pakati pa usiku. Tinadzaza masamba asanu ndi limodzi. Nditachotsera zomwe ndinawinapo, zotayika zinakwana K387,000.

Amayi anangoti phee. Kenaka anafunsa kuti amenewo ndi matumba angati a feteleza. Apo m'pamene ndinalira, chifukwa m'chaka chimenecho iwo anathira thumba limodzi munda wonse.

Anamasula nsonga ya chitenje, n'kuyala ndalama pabedi imodziimodzi. Anali atagulitsa mbuzi ziwiri. Laputopu tinakaitenga limodzi, iwo patsogolo ine pambuyo.

Akaunti yobetchera ndinaitseka tsiku lomwelo iwo akuona. Chilakolako sichinathe msanga. Mpaka pano ndikaona mnzanga atawerama pafoni chala chili chire, mtima umagunda. Ndalama ikalowa ndimathamangira kwa ejenti, kutapa ya lendi, kukapereka ndisanafike kuchipinda. Kope lija ndikulembabe. Mbuzi imodzi ndabweza, yatsala imodzi.