Golide wa Chinjoka ndi Mtengo wa Dzira

Mu 1974, Gary Gygax ndi Dave Arneson adatulutsa ku America masewera otchedwa Dungeons & Dragons. Anthu amakhala mozungulira tebulo, aliyense n'kudziyesa ngwazi yongopeka, pomwe mmodzi, woyendetsa masewera, amasimba za dziko limene ngwazizo zikuyendamo. Madayisi ndiwo amagamula ngati chimene ngwazi yayesa chatheka. Ndayendetsa masewerawa kwa zaka zingapo, ndipo m'dziko lonselo la zinjoka ndi afiti, malo amene amandisowetsa mtendere ndi pamsika.

M'malamulo oyambirira, ndalama iliyonse ya golide imene ngwazi yatulutsa m'phanga inkaiwonjezera mapointi okwezera mphamvu zake. Chuma chinali muyeso wa ungwazi. M'buku la Players Handbook la 1978, Gygax adafotokoza kuti mitengo ya katundu adaikweza dala, ndipo adaifanizira ndi ya m'matauni a ku Alaska pa nthawi imene anthu ankakhamukirako kukasaka golide, pomwe dzira limodzi linkagulidwa dola yathunthu. Iye adazindikira kuti golide akachuluka, mphamvu yake imatsika. Komabe mitengoyo itangosindikizidwa idauma ngati mwala, ndipo golide wochuluka motani saisuntha.

Masamu ake ngodabwitsa. M'malamulo a 2003, makwerero a mafiti 10 ankagulidwa ndalama 5 za mkuwa, pomwe ndodo ya msinkhu womwewo inali ndalama 2 za siliva, kutanthauza kuwirikiza kanayi. Wochenjera akadatha kugula makwerero, kuwaphwasula, n'kugulitsa ndodo ziwiri. M'malamulo a 2014, waganyu amalandira siliva 2 patsiku, ndipo lupanga lalitali ndi golide 15, omwe ndi malipiro a masiku 75. Ngwazi zikatuluka m'phanga ndi golide 1,000, zasenza thukuta la waganyu la zaka zoposa 13. Zimalowa nalo m'mudzi, koma nkhuku imakhalabe ya mkuwa 2.

Mbiri imatiuza zina. Mu 1324, Mansa Musa wa ufumu wa Mali atadutsa ku Cairo pa ulendo wa ku Mecca, adagawa golide wambiri kotero kuti wolemba mbiri al-Umari adapeza kuti mtengo wa golide udali wotsikabe patapita zaka 12. Ife a kuno sitisowa kuphunzira zotere m'mabuku. Amene adagwirapo ndalama ya pepala ya madola 100 thililiyoni ku Zimbabwe mu 2009, kapena adapita kugolosale kwacha ya Malawi itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, amadziwa kuti mtengo uli ndi miyendo. N'chifukwa chake kukhulupirira chinjoka cholavula moto sikundivuta, koma kukhulupirira msika umene mitengo yake sisintha kumandikanika.

Choncho patebulo langa ndalama zimasiya mapazi. Ngwazi zikamwaza golide m'mudzi, sabata yotsatira wosula zitsulo amakhala atakweza mtengo wa khasu, ndipo mayi wamasiye amene ankagula ufa ndi mkuwa wake amabwerera kunyumba dengu lili pululu. Amalonda akutali amamva fungo n'kufika ndi ngolo, mfumu imatuma wokhometsa msonkho, ndipo pena pamatulukira adzukulu a anthu amene chinjoka chidawalanda chumacho, akufuna cholowa chawo. Walira mvula walira matope. Apa osewera amatsutsana kwa nthawi yaitali kuposa pankhondo iliyonse: abweze kodi, amange nkhokwe ya mudzi, kapena athawe usiku?

Ena amati munthu amasewera kuti aiwale mavuto, ndipo palibe amene amabwera patebulo kudzawerengera msonkho. Akunena zoona, ndipo inenso sindiwerenga khobidi lililonse. Funso limodzi limakwanira, lakuti ndani walipira chuma chimenechi. Nthano zongopeka zimaphunzitsa mwakachetechete. Nthano imene chuma chimangotoledwa m'phanga, chopanda mwini, chopanda wochikhetsera thukuta, n'njofanana kwambiri ndi imene idasimbidwa za migodi ya dera lathu lino, ngati kuti golide wa ku Witwatersrand adadzikumba yekha, popanda amuna a ku Nyasaland amene adapita ku Joni kudzera ku Wenela. Amene tikulemba nthano zamtunduwu m'zilankhulo zathu tili ndi mwayi womubwezera waganyu uja dzina ndi mawu, kuti naye alowe m'nkhani pamene ngwazi zikugawana golide.