Fumbi la ku Joni

Kwathu kwa Chitukula agogo aamuna timawadziwira chifuwa. Ukamva kutsokomola kouma kuja kuseri kwa nkhokwe, basi dziwa kuti adzuka. Tili ana tinkati ndi wotchi ya pamudzi. Ena ankanamizira fodya wa chingambwe, chonsecho agogo sanasutepo chibadwire.

Chaka chatha zinafika poipa. Kuchoka pakhonde kukafika kudimba ankaima katatu, manja m'chiuno, ali wefuwefu. Kuchipatala chaching'ono atayeza makhololo anapeza TB, ndipo agogo anamwa mankhwala miyezi isanu ndi umodzi osadumphitsa. TB inatha, koma phuma silinathe. Apa amalume anali atayamba kale kutchula mayina a anthu apamudzi.

Ndine ndinawaperekeza ku Kamuzu Central ndi kalata yotitumiza. Atawajambula m'chifuwa, dokotala anayang'anitsitsa chithunzi chija nthawi yaitali. Kumtunda kwa mapapo kunali timadontho toyera, ngati wina wawazapo mchenga. Kenako anafunsa funso lomwe ife tonse sitinaliganizirepo.

"Agogo, muli mnyamata munkagwira ntchito yanji?"

"Ndinali ku Joni, mwana wanga. Pansi pa nthaka, kuboola miyala."

Nkhani ya Joni ndinkaidziwa, koma mbali yokoma yokha: njinga, wailesi, sutikesi ija ili pansi pa bedi mpaka lero. Anapita ndi Wenela kukakumba golide. Mu 1974 ndege itagwa ku Francistown n'kupha Amalawi oposa 70 ochokera kumigodi, Kamuzu analetsa ulendowo. Njira itatsegukanso mu 1977, agogo anabwerera ndi Theba, n'kumapita kangapo mpaka zinatsekeka mu 1988. Za fumbi sanatiuzepo. Tsiku limenelo ndi pamene ndinamva kuti ankatuluka mumgodi atayera mbuu, malovu ali ngati phala.

Dokotala anati matendawa amatchedwa silicosis, amodzi mwa matenda omwe amaumitsa mnofu wa mapapo. Fumbi la miyala losaoneka ndi maso limalowa mpaka mkati, thupi n'kulephera kulichotsa, ndiye pamalopo pamapangika zipsera. Mapapo amasiya kufutukuka bwino. Munthu atha kuchoka pamgodi ali bwinobwino, zipsera zili kukula mwakachetechete zaka makumi. Ndipo mapapo otere TB imawagwira msanga, n'chifukwa chake matenda awiriwa amabisalirana.

Ndinafunsa za mankhwala. Anandiyankha mosazungulira: chipsera sichibwerera. Chotheka n'kuteteza mapapo otsalawo. Asamakhale pautsi wa kukhitchini kapena pamoto wa zinyalala, chifuwa chikasintha kapena akayamba kuwonda tithamange kukayezetsanso TB, aziyenda pang'onopang'ono tsiku lililonse, ndipo zikadzavuta adzafunika okosijeni. Makina ake amafuna magetsi. Kunyumba kwathu tili ndi kasola kotchajira foni basi.

Mu minibasi pobwerera ndinkayembekeza kuti akhumudwa. Koma anangoti, "Ndiye kuti palibe wandilodza." Anaseka, kenako anatsokomola mpaka misozi.

Usiku ndinafufuza pa foni. Mu 2018 makampani asanu ndi imodzi a migodi ya golide ku South Africa anavomera kulipira chipukuta misozi cha R5 biliyoni kwa odwala silicosis ndi TB ya kumgodi, ndipo khoti la ku Johannesburg linavomereza mu 2019. Ndalamazo zimayendetsedwa ndi Tshiamiso Trust, ndipo zikukhudza omwe anagwira ntchito m'migodi imeneyo kuyambira March 1965 mpaka December 2019. Pamafunika umboni wa ntchito ndi kuyezedwa mapapo. M'mawa tinatsegula sutikesi ija. Mapepala ambiri chiswe chinadya, koma kachiphaso kamodzi kanatsala, nambala ikuwerengeka. Ndakasunga mu pulasitiki, ndipo ndakajambula katatu.

Ngati kwanu kuli agogo omwe anapita ku Joni kapena ku Wankie, ndipo chifuwa chawo chikukana mankhwala, mukapita nawo kuchipatala musadikire kufunsidwa. Nenani nokha: anagwira mumgodi, zaka zakuti.

Panopa ndikamapita m'tauni ndimaona anyamata amsinkhu wanga m'mbali mwa msewu akuswa miyala ya kwale, kumaso kuli mbuu, opanda n'kansalu komwe pamphuno. Kale ndinkangodutsa. Masiku ano ndimawerengera kuti adzakhala ndi zaka zingati akadzayamba kuima katatu panjira ya kudimba.