Luso Lophatikiza Zithunzi ndi Kuziyendetsa ku Karonga

Kuphatikiza zithunzi ndi ntchito yotenga zidutswa za zithunzi ziwiri kapena zingapo n'kuzilumikiza mpaka zioneke ngati zidajambulidwa ndi kamera imodzi, pamalo amodzi, panthawi imodzi. Eni ntchitoyi amangoti "kuedita", ngakhale kuti kuedita n'kotakata, chifukwa kumakhudzanso kuwalitsa nkhope, kufafaniza zipsera ndi kulemba mawu pachithunzi. Lusoli ndi lakale kuposa kompyuta. Mu 1857 Oscar Rejlander, yemwe ankajambula ku England, adapanga chithunzi chotchedwa The Two Ways of Life pophatikiza manegativi pafupifupi 30, chidutswa chilichonse akuchitsuka pachokha. Pulogalamu ya Photoshop idatuluka mu 1990, ndipo mu 1994 idayamba kukhala ndi ma layer, omwe lero ndiwo msana wa ntchito yonse.

Ku Karonga, monganso m'maboma ena, achinyamata ambiri amayambira pa foni. PicsArt ndi Snapseed amadulira ndi kukonzera mitundu, PixelLab amalembera mawu, CapCut amayendetsera zithunzi. Amene ali ndi laputopu amagwiritsa ntchito Photoshop, kapena GIMP yomwe ndi yaulere. Ndalama zimachokera ku makadi a ukwati ndi chinkhoswe, mapositala a misonkhano ya mipingo, ndondomeko za maliro, ndiponso ntchito ina yofunika mtima wachifundo: kuika kholo lomwe lidamwalira pachithunzi cha banja lomwe lidatsala. Koma ntchito zolipidwazi zimangobwerezabwereza, ndipo dzanja silikula nazo msanga. N'chifukwa chake anthu a lusoli m'maiko ambiri amadzipatsa mpikisano wa sabata ndi sabata.

Kayendetsedwe kake n'kosavuta. Mmodzi amapereka chithunzi chimodzi kapena mutu umodzi, aliyense n'kupangapo chake, tsiku lotsekera likafika zonse zimaikidwa pamodzi n'kuunikidwa. Mphoto nthawi zambiri sipakhala, kupatula mwayi wosankha chithunzi cha sabata yotsatira. Phindu lake lili poti chithunzi choyambira n'chimodzi: anthu angapo akakumana ndi vuto lofanana, mayankho awo akaikidwa moyandikana, cholakwika chimaoneka popanda wochita kuloza. Masiku 7 ndi okwanira kuganiza, kujambula zidutswa zosowa ndi kumaliza, koma ndi ochepa moti munthu sapeza mpata wozengereza.

Boma la Karonga lili ndi mutu womwe umaphunzitsa pafupifupi zonse za ntchitoyi. Ku Cultural and Museum Centre Karonga, komwe kudatsegulidwa mu 2004, kudaimikidwa chifaniziro cha mafupa a Malawisaurus, chinyama chakalekale cha khosi lalitali chomwe mafupa ake adapezeka m'bomali. Sidney Haughton adachilemba koyamba mu 1928, ndipo dzina la Malawisaurus chidapatsidwa mu 1993 ndi Louis Jacobs ndi anzake. Tiyerekeze kuti ntchito ya sabata ndi kuchiimika chinyamachi pamchenga wa m'mbali mwa nyanja, pafupi ndi asodzi omwe akukoka bwato.

Choyamba ndi kudula. Wodziwa ntchito safafaniza zozungulira chinthu; amaziphimba ndi mask, kuti akadula mopitirira athe kubwezeretsa. Ma layer ali ngati mapepala a pulasitiki oonekera mkati osanjikizidwa: nyanja pansi, chinyama pamwamba pake, asodzi pamwamba penipeni, ndipo lililonse limasunthika palokha. Zinthu za m'mbali mosalala, monga bwato, zimadulika msanga. Zovuta ndi tsitsi, ukonde, masamba a mgwalangwa ndi nthiti za mafupa aja, pomwe khoma la nyumba yosungiramo zakale limaonekera pampata uliwonse. Mapulogalamu a masiku ano amadula okha ndi batani limodzi, koma amasiya kamzere kowala kuzungulira chinthucho, kotsalira ka malo omwe chidachokera. Kamzereko kamachotsedwa pamanja, chithunzi chitakuzidwa, ndipo m'mbali mwake mumafewetsedwa pang'ono chifukwa palibe kamera yomwe imajambula m'mbali mwakuthwa ngati modula ndi lumo.

Kenako pamabwera msinkhu ndi poimira kamera. Chithunzi chilichonse chili ndi mzere wa maso a wojambula, ndipo panyanja mzerewu suvuta kuupeza, chifukwa ndi pomwe madzi akumana ndi thambo. Ngati wojambula adaimirira, mzerewu umadutsa pafupi ndi mitu ya anthu onse oimirira pamchengapo, akutali ndi apafupi omwe. Chinyama chojambulidwa ndi munthu wogwada sichingakhale bwino pagombe lojambulidwa ndi munthu woima pachulu, ngakhale achikoke kapena achitembenuze chotani. Njira yabwino ndi kujambula zidutswa zonse kamera ili pamsinkhu umodzi, ndipo pojambula mafupawo pakhale munthu woima pambali pake kuti akhale muyeso.

Pomwe ntchito imakomera kapena kuonongekera ndi pakuwala. Munthu wosadziwa chilichonse za kuedita amatha kunena kuti chithunzi ichi "n'chopanga", osadziwa chomwe chamuuza. Kawirikawiri chimakhala chithunzithunzi chomwe chagwera kolakwika. Apa wojambula wa ku Karonga ayenera kudziwa dzuwa la kwawo. Nyanja ili kum'mawa kwa bomali, motero dzuwa limatulukira kumadzi n'kukalowera kumapiri a kumtunda. M'mawa zithunzithunzi za asodzi zimagwera kumtunda, madzulo zimaloza kumadzi. Munthu akatenga thambo lofiira la dzuwa lili pamwamba pa madzi n'kulemba kuti ndi madzulo ku Karonga, aliyense wokulira kumeneko amadziwa kuti si zoona. Bomali lili pafupifupi madigiri 10 kumwera kwa equator, choncho cha mu October ndi mu February dzuwa la masana limakhala paliwombo, chithunzithunzi n'kubisala kunsi kwa mapazi, pomwe mu June dzuwa limapendekera kumpoto ndipo zithunzithunzi za masana zimagwera kumwera.

Chinthu choikidwa pamchenga chimafuna zithunzithunzi ziwiri. China ndi chachitali chija chotsata dzuwa, chomwe chimakhala chakuda ndi chakuthwa pafupi ndi phazi, n'kumka chifewa ndi kuzilala chikamatalikira. China n'chaching'ono kwambiri, kamdima ka pomwe phazi lagunda pansi. Ophunzira ambiri amakaiwala kameneka, ndiye chinyama cholemera chimaoneka ngati chikuyandama pamwamba pa mchenga. Phazi lolemera limalowanso pansi, motero mchenga pang'ono uyenera kukwirira zala zake. Komanso chithunzithunzi sichikhala chakuda bii. Panja chimatenga kubiriwira kwa thambo, ndipo mchenga woyera umabweza kuwala kwachikasu kumimba kwa chinyamacho. Mafupa ojambulidwa m'nyumba alibe kuwala kotere, ndiye kumachita kupakidwa pa layer yakeyake, pang'onopang'ono, mpaka diso litavomereza. Ntchito ya maola ambiri imathera pa zinthu zazing'onozi, ndipo ndi zoyeneradi maolawo.

Mitundu imatsatira. Chinthu chakutali chimataya ukali wa mtundu wake n'kuyamba kutuwa, monga amaonekera mapiri a Livingstone kutsidya kwa nyanja ku Tanzania. M'nyengo yotentha, utsi wa moto wa m'tchire ukachuluka, mapiriwo amazimiririka ndithu. Chidutswa choikidwa patali chiyenera kutuwitsidwa chimodzimodzi. Kumapeto, chithunzi chonse chimathiridwa mtundu umodzi wopepuka ndi timadontho tofanana, chifukwa foni yojambula kunja kukuda imabala timadontho tambiri pomwe kamera yabwino masana imatulutsa chosalala, ndipo ziwirizi zikagundizana msoko umaonekera.

Kuyendetsa chithunzi kumayamba ntchito yophatikiza ikatha, ndipo kumadalira kuti ma layer asanasakanizidwe kukhala amodzi. Diso limaona kuyenda zithunzi zikamasinthana mofulumira. Kanema wa m'mafilimu amakhala ndi zithunzi 24 pa sekondi, koma zojambula zoyenda zambiri zimakwanira ndi 12. Njira yophweka ndi kusuntha ma layer mosiyana liwiro, bwato lapafupi msanga, chinyama pang'ono, mapiri osasuntha n'komwe, zomwe zimapatsa chithunzi chafulati kuya. Vuto lake ndi loti chinthu chikasuntha chimasiya bowo pomwe chidali, motero madzi ndi mchenga wa kumbuyo kwake ziyenera kudzazidwa kale. Kuyendetsa khosi kapena mchira kumafuna kuti chiwalo chilichonse chikhale pachokha ndi polumikizira pake pomwe chizizungulirira. Chamoyo sichiyenda liwiro limodzi: chimayamba pang'onopang'ono, kufulumira, n'kuima mofatsa, ndipo nsonga ya mchira imachedwa kutsatira tsinde lake.

Zambiri za mumpikisano zimakhala za masekondi ochepa zobwerezabwereza, ndiye chithunzi chomaliza chiyenera kulumikizana ndi choyamba popanda kudumpha. Mafunde a nyengo ya mwera, utsi wa pakhitchini, ndi nkhungu zomwe zimafuka panyanja ngati utsi, ndi zinthu zobwerezeka bwino chifukwa zilibe poyambira pooneka.

Pali malire omwe mmisiri wa ntchitoyi sayenera kuwadumpha. Chinyama chakalekale pagombe aliyense amadziwa kuti ndi luso. Koma Karonga ndi boma lomwe lidagwedezeka ndi zivomerezi mu December 2009, ndipo mitsinje ya North Rukuru ndi Songwe imasefukira kawirikawiri. Chithunzi chabodza cha nyumba zogumuka chikalowa pa WhatsApp chimasautsa achibale omwe ali kutali n'kusokoneza othandiza. Kuika nkhope ya munthu pathupi la wina popanda chilolezo chake kumaononga mbiri yomwe sibwerera. Malawi ali ndi lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security la 2016, lomwe limakhudza nkhanza za pa intaneti, komanso lamulo la umwini wa zaluso la chaka chomwecho, lomwe bungwe la COSOMA limaliyang'anira. Chithunzi chopezeka pa Facebook chili ndi mwini wake. Ndi chifukwa chinanso chomwe kujambula wekha zidutswa kumaposera kutola za ena.

Chotsiriza ndi kutulutsa ntchito. JPEG ndi yopepuka koma imataya ubwino nthawi iliyonse ikasungidwanso, choncho imapangidwa kamodzi, pamapeto. PNG imasunga malo oonekera mkati, motero ndi yoyenera zidutswa zoti zidzagwirenso ntchito. GIF, yomwe kampani ya CompuServe idatulutsa mu 1987, imangonyamula mitundu 256, ndipo thambo la m'bandakucha limatuluka mizeremizere. MP4 imasunga mitundu bwino, ilinso yopepuka, zomwe zimathandiza pomwe bandulo ndi yodula. WhatsApp imafinya chithunzi chilichonse chotumizidwa mwachizolowezi, ndiye ntchito yopita kwa oweruza kapena kosindikiza imatumizidwa ngati document. Chosindikizidwa chimafuna madontho pafupifupi 300 pa inchi ndipo chimatuluka chodera kuposa mmene chimaonekera pa foni, motero chimawalitsidwa pang'ono chisanapite. Fayilo yoyambirira ya ma layer onse imasungidwa pawiri, pa kompyuta ndi pa fulashi, ndipo imasevedwa pafupipafupi ntchito ili mkati chifukwa magetsi amatha kuzima nthawi iliyonse.