Theka la Yadi

Bowo la singano linayamba kundithawa ndili ndi zaka 66. Ulusi ndaunyowetsa ndi malovu, ndaupota bwinobwino, ndaulozetsa, koma n'kungodutsa pambali ngati munthu amene ali nawe ngongole. Tsiku loyamba ndinati vuto ndi mitambo. Lachiwiri ndinati ulusi wa masiku ano ngwaubweya. Lachitatu mayi akunyumba, amene anali pamkeka akusankha nyemba, anandiyang'ana nthawi yaitali n'kungoti, "Abambo, itanani mwana." Telala woti wasoka zaka pafupifupi 50, kuitana mdzukulu kuti amulowetsere ulusi! Ndinamuitana ndithu, koma nsima ya tsiku limenelo sinatsike bwino.

Ntchitoyi ndinaiphunzira mu 1968 kwathu ku Chiradzulu, nditalekeza sukulu posowa fizi. Malume anandipereka kwa telala wina amene ankasoka pakhonde la sitolo ya mmwenye. Nthawi imeneyo sitolo ya nsalu inkayenda ndi telala wake: munthu agula m'kati, atuluka, tepi ikumudikira pakhomo. Miyezi itatu yoyamba makina ndinkangowadya ndi maso. Yanga inali kukoleza makala a simbi, kusoka mabatani, kupinda mipendero ndi dzanja, ndiponso kusesa. Tsiku londikhazika pampando anandipatsa pepala la thumba la simenti ndi singano yopanda ulusi, akuti ndiboole mzere wowongoka. Makina oponda ndi miyendo ali ndi nyimbo yake. Ukaphonya kaponderedwe, gudumu limabwerera m'mbuyo, ulusi n'kuduka, wina n'kupiringizana kunsi kwa nsalu ngati mizu ya kapinga. Aphunzitsi anga sankalankhula zambiri. Ukawapatsa chovala ankangochitembenuza. Ankati wogula amayang'ana kunja, koma telala mnzako amayang'ana m'kati.

Malipiro anga oyamba anali a mashilingi. Kwacha inabwera mu 1971, shilingi imodzi n'kusanduka matambala 10, ndipo agogo a kumudzi anatenga zaka akutiwerengerabe ndalama mwachikale. Boma litalamula amwenye kuti achoke kumidzi akachitire malonda m'mizinda, makonde ambiri anatsala opanda nsalu. Ine ndinanyamula Singer yanga, imene ndinagula kwa aphunzitsi anga molipira pang'onopang'ono, n'kukwera basi ya ku Limbe. Ndi yomweyi imene ndikupondabe lero. Malamba ndasintha osawerengeka, thabwa lake chiswe chinadyako ngodya imodzi, koma mutu ukadali womwewo. Umangopempha madontho awiri a mafuta Loweruka lililonse.

Zaka zimenezo zinali zokoma kwa atelala. Zovala zosokeratu zinali zodula, pamene nsalu inkatuluka pafakitale ya David Whitehead muno mu Blantyre. Lamulo la kavalidwe la 1973 nalo linatidyetsa: mkazi sankaloledwa kuvala buluku, ndipo diresi linkayenera kubisa mawondo. Atsikana ochokera ku Zambia kapena ku Halale ankathamangira kwa ife ndi timasiketi tawo kuti tiwonjezere nsalu kumunsi. Kukayandikira 6 Julaye azimayi ankabwera ndi nsalu ya chipani, ya nkhope ya Kamuzu, kuti tiwasokere chilundu. Apo ndiye dzanja linkanjenjemera, chifukwa sizasi ikadutsa pankhope ija, mlandu wake sunali wa nsalu ayi. Ndinkayala, kutembenuza, kuyalanso, mpaka nkhope itakhala pabwino.

Tsono ndinene za theka la yadi, chifukwa linanditembenuza kuposa maulaliki ambiri amene ndamva.

Telala aliyense amadziwa kuti wogula sadziwa kuyala nsalu. Ukamuuza kuti bulauzi ifuna mayadi awiri ndi theka, pamene awiri okha akwana, amagula osafunsa. Chotsalacho timachitcha zidutswa, ngati kuti n'zinyalala, koma zidutswa zina zimatulutsa kamalaya ka mwana. Mu 1986 mayi wina wa mumpingo mwathu, wamasiye wogulitsa mandasi, anabwera ndi nsalu yoyera kuti ndiwasokere bulauzi ya Mvano, pakuti ankayembekezera kuvekedwa. Yunifolomu ya Mvano ilibe zokometsera: bulauzi yoyera, siketi yakuda, duku loyera, basi. N'chifukwa chake siibisa cholakwa. Msoko ukapotoka, ndi abusa omwe amauona ali paguwa. Ndinaisoka bwino, pamenepo sindinama. Koma ndinayala mochenjera, theka la yadi n'kutsala, ndipo ndinasokera mwana wanga woyamba, wamkazi, kabulauzi kopanda manja koti avale pa Khirisimasi.

Mayi akunyumba, amenenso ndi a Mvano, anakagwira kabulauziko n'kukatikita ndi zala ziwiri. "Abambo, nsaluyi munagula sitolo iti?" Ndinayankha kuti n'zidutswa. Iwo anati, "Zidutswa za yani?" Sanawonjezere mawu. Anakapinda n'kukaika pamwamba pa Buku Lopatulika langa, pamene sindikanalephera kukaona. Nthawiyo n'kuti nditangosankhidwa kukhala dikoni, wonyamula mbale ya zopereka. Nkhani ya Hananiya ndi Safira, amene anabisa gawo la mtengo wa munda n'kunamizira kuti apereka zonse, ndinali nditaiphunzitsa ndekha ku Sande sukulu, mokweza mawu ndithu. Iwowo anabisa zawozawo. Ine ndinabisa za wamasiye.

Ndinakhala nako masiku anayi. Lachisanu ndinapita kwa mayi aja, kabulauzi kali m'pepala, ndikuyembekeza kulalatiridwa. Iwo anangoseka nati, "Aa, bambo telala, zimenezo ife timadziwa. Atelala nonse mumatero, tinazolowera. Kampatseni mwana avale." Kuseka kumeneko kunandiwawa kuposa mbama. Zaka zonsezo ndinkadziyesa wochenjera, osadziwa kuti anthu anandiika kale m'gulu la akuba amene amangowapirira ngati udzudzu. Ndinatulutsa mtengo wa nsaluyo, iwo akukana, ine ndikukakamiza, mpaka analandira. Chiyambire tsiku limenelo, chovala chilichonse chotuluka pakhonde panga chimatuluka ndi zotsala zake zitamangidwa ndi kansalu. Ena amadabwa. Ena amandisiyira okha, ndipo zimenezo ndiye zanga. Mayi akunyumba amazilumikiza n'kupanga zoyala pabedi ndi zopondera pakhomo.

Bodza linalo, la "bwerani mawa", ndi limene linandikanirira. Ili ndi tchimo la Disembala. Aliyense amafuna chatsopano pa Khirisimasi, maukwati ali mbwee, ndipo telala amalandira nsalu iliyonse poopa kuti ndalama ipita kwa mnzake. Umalonjeza anthu 10 tsiku limodzi pamene manja ako akwanitsa atatu. Ndabisalapo kuseri kwa sitolo mkwatibwi akundifunafuna, ndipo sindinyadira. Lamulungu sindinkasoka, inde, koma Loweruka ndinkachezera pa koloboyi mpaka atambala, kenako n'kukawodzera m'tchalitchi, mayi akunyumba akundiona ali kumbali ya azimayi. Kusunga tsiku la Ambuye kotereku ndimakukayikira. Mankhwala ake anali kope la sukulu: tsiku limene ndalemba ndi lomwelo, ndipo tsamba likadzaza ndimabweza munthu ndi nsalu yake. Ndalama zinachepa, tulo tinachuluka.

Kenako kunabwera kaunjika. M'zaka za m'ma 1990 mabelo anadzaza misika ya Limbe ndi Ndirande, jekete yosokedwa ku Ulaya n'kumagulidwa pamtengo wosakwana ngakhale nsalu ya jekete yanga. Anzanga ambiri anagulitsa makina. Ine ndinadandaula zaka ziwiri, kenako ndinazindikira kuti mzungu ndi wamtali miyendo ndiponso wamkulu mimba kuposa ife. Buluku la m'belo limafuna kudulidwa, kubwezedwa m'chiuno, kuikidwa zipi ina. Kaunjika amene anandilanda ntchito ndi yemweyo wandidyetsa mpaka lero, ngakhale kuchepetsa buluku la munthu wosamudziwa sikukoma ngati kulowetsa sizasi pansalu yatsopano ya suti.

Zaka zomwezo ndinasoka nsalu zoyera zambiri zimene sindikonda kuzikumbuka. Edzi inkatenga achinyamata, ndipo akalipentala ankanditumizira nsalu zoyala m'mabokosi sabata ndi sabata. Mu 2001 ndinasoka ya mwana wanga, yemwe uja wa kabulauzi ka Khirisimasi. Atelala anzanga anati andisokere, ndinakana. Mankhwala otalikitsa moyo anayamba kuperekedwa ulere m'zipatala za boma mu 2004. Zaka zitatu zokha. Miyezi ingapo ndinkapita kutchalitchi thupi lokha, pakamwa posatuluka nyimbo. Amene anatinyamula ndi amayi a Mvano ndi anzathu a kumlaga, amene ankabwera madzulo ndi ufa m'kambale, wina nkhuni, n'kukhala nafe chete pamkeka. Ambiri mwa iwo anali atavala mabulauzi osoka ine. Mwanayo anatisiyira kamtsikana ka zaka zitatu, ndipo ndi kameneko kanadzandilowetsera ulusi tsiku lija.

Maso aja anapezeka kuti ndi ng'ala. Anandichita opaleshoni ku Gulupu, kuchipatala cha maso cha Lions, diso limodzi kenako linzake. Bandeji itachotsedwa ndinadabwa kuona kuti mayi akunyumba ali ndi imvi zochuluka chotere. Iwo anati zakhalapo kalekale, ndipo wozibweretsa ndine. Kuona ndikuona, koma ulusi wakuda pansalu yakuda, dzuwa litapendeka, sindiyerekezanso. Abusa akamalalikira za ngamila ndi diso la singano, ine ndimamva msanga kuposa olemera onse a mumpingo. Msana nawo umafuna kuwongoledwa ola lililonse, mawondo amalira kuposa makina. Telala alibe penshoni. Mnyamata wathu amene ali ku Joni amatumiza kangachepe pafoni akapeza, koma naye ali ndi banja ndi lendi. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ulusi, mazipi ndi masingano zinakwera nthawi yomweyo, pamene wobweretsa buluku long'ambika akufuna mtengo wa chaka chatha. Ndimawamvetsa, ufa tikugula ndi womwewo.

Mdzukulu uja tsopano ndi telala, ndipo pakhonde pali makina awiri. Ake ndi amagetsi, moti magetsi akazima amabwera kudzapempha Singer yanga, ine n'kumanyadirako pang'ono. Makasitomala ake amabwera ndi chithunzi pafoni, cha pa Facebook kapena WhatsApp, akuti chitenje chisokedwe ngati cha ku Nigeria, mapewa otukumuka, kumsana kotseguka. Masitayilo ena ndimangoyang'ana kumbali. Tinakanganapo. Ine mkulu wa mpingo, diresi long'ambidwa mpaka pantchafu lituluke pakhonde panga? Iye anati, "Agogo, inu munkatalikitsa chifukwa boma linalamula, ine ndikusoka chimene mwini nsalu wapempha." Yankho lokwanira ndinalibe, ndipo nkhaniyi mpaka pano sitinaimalize. Koma ndikatembenuza zovala zake, m'kati mwake ndi mwaukhondo, ndipo zotsala amamanga ndi kansalu popanda womuuza.

Ntchito tinagawana. Iye amadula ndi kusoka zamakono, ine mayunifolomu a sukulu, a kwaya ndi a Mvano, kuphatikiza zigamba ndi mazipi. Mayi akunyumba amasoka mabatani ndi kusunga kope, chifukwa akuti ine ngongole ndimakhululuka msanga ngati mwini chuma. M'mawa tisanavundukule makina timapemphera atatu, mwachidule, pakuti makasitomala oyamba ndi ana a sukulu amene kabudula wawang'ambikira panjira. Namondwe wa Freddy atagumula nyumba ku Chilobwe ndi m'mphepete mwa phiri la Soche mu Malichi 2023, mpingo unasonkhanitsa zovala za anthu amene ankagona m'masukulu. Zambiri zinafika zopanda mabatani, zina zothothoka mazipi; anthufe popereka timasankha zimene zatitopetsa. Tinakhala masabata awiri tikukonza atatufe. Abusa anatitchula paguwa kuti ndife a Dorika, mayi uja wa ku Yopa amene ankasokera amasiye. Ine ndinangoyang'ana pansi, pokumbukira wamasiye wanga wa mandasi.

Achinyamata amabwera kudzafunsa ngati ndingawaphunzitse. Ndimavomera, koma ambiri amathawa sabata yachiwiri akaona kuti ndawapatsa simbi ndi mabatani. Amafuna kuyambira pa suti. Amene ali ndi mwayi ndimawauza apite kusukulu za TEVETA akatenge pepala, chifukwa masiku ano khonde lokha silikwanira. Pakali pano ndili ndi mmodzi, mwana wa mnzathu wa kumlaga. Wafika pa thumba la simenti, ndipo mzere wake wayamba kuwongoka.

Inu amene mukufuna zovala za Khirisimasi, kaya kwa ine kaya kwa telala wa kwanuko, bweretsani nsalu Novembala asanathe. Polandira chovala chitembenuzeni muone m'kati, kenako funsani zotsala zanu.