Musataye Banjo ya Mwanayo

Sabata ino ndili ndi funso kwa inu makolo, amalume ndi azakhali. Mwana akabwera kunyumba matumba atadzaza mawaya, zitini ndi zitsekerero za mabotolo, mumamuuza chiyani? M'makomo ambiri yankho ndi limodzi: "Taya zinyalalazo, katenge kope uwerenge!" Cholinga n'chabwino ndithu, tonse timafuna mwana akhoze mayeso a Sitandade 8. Koma ndikuopa kuti pamodzi ndi zinyalalazo tikutayanso sayansi yoyamba imene mwanayo anaigwira ndi manja ake.

Ine ndinakulira ku Chileka, ndipo inu mukamva Chileka mumaganiza ziwiri: bwalo la ndege ndi nyimbo. Mumatchula Evison Matafale ndi Black Missionaries. Koma iwowa asanabwere kunali Daniel ndi Donald Kachamba a kwa Singano. Mu 1967 katswiri wa ku Austria, Gerhard Kubik, anawapeza akuimba kwela mumzinda wa Blantyre, Donald akadali kamnyamata koliza chitoliro. M'gulu lawo munali besi ya chingwe chimodzi yopangira pakhomo. Pasanathe zaka zambiri nyimbo zawo zinawafikitsa ku Ulaya.

Tsono taganizirani zimene mwana amadutsamo kuti banjo ya chitini ilire. Amazindikira kuti waya wonenepa amalira mawu aakulu, woonda amalira mawu aang'ono. Akamangitsa wayayo mawu amakwera. Akadina chala pakatikati penipeni, liwu lomwe lija limabweranso koma lili pamwamba, chifukwa waya wafupika ndi theka ndipo akunjenjemera mofulumira kawiri. Chitini chija ntchito yake ndi kukuza phokoso. Zimenezi akazakumana nazo ku sekondale zidzakhala ndi dzina la Physics, ndipo mwina adzaziopa, osadziwa kuti anazimaliza kale pansi pa mtengo wa mango.

Achemwali anga amakhala ku Lirangwe, kufupi ndi msewu wopita ku Zalewa. Mwana wawo wa Sitandade 6 anapanga minibasi yamawaya, yolembedwa mawu kumbuyo ngati zimene amaziona pasiteji. Tsiku lina anandifunsa, "Ankolo, n'chifukwa chiyani galimoto yanga ikukhotera kumanzere ine ndisanaikhotetse?" Tinatenga ulusi n'kuyeza matayala akutsogolo, omwe anali omangirira pa waya mmodzi. Lakumanja linali lalikulu pang'ono, ndiye likazungulira kamodzi linkayenda mtunda wautali kuposa linzake. Mnyamatayo anangoti, "Ohoo, ndiye circumference ija ndi imeneyi eti?" Mawu amene ankaloweza popanda kuwamva anapeza ntchito masana omwewo. Kenako anachotsa kamota mu DVD yakufa, n'kulumikiza ku mabatire a tochi kuti matayala azizungulira okha. Ndiuzeni inu, pamenepa kujambula kwathera pati, masamu ayambira pati?

Kusukulu zinthuzi zimabwera zogawikana. Pali nthawi ya Expressive Arts, belu likalira pali nthawi ya Science and Technology, ngati kuti n'zosadziwana. Aphunzitsi sindikuwada ayi. Chiyambire maphunziro aulere a pulayimale mu 1994 makalasi ndi odzaza, ndipo munthu mmodzi sangayang'anire banjo ya mwana aliyense. Chikhalirecho ku makoleji a uphunzitsi amaphunzira TALULAR, kutanthauza kuphunzitsa pogwiritsa ntchito zinthu zopezeka pamalopo. Ndiye kuti zimene ife tikuzitcha zinyalala, akatswiri a maphunziro anazivomereza kalekale kuti ndi zipangizo.

Mwina mukuti, "Dziko lapita patsogolo, ana akufunika kompyuta, osati mawaya." Zoona, ndipo kuyambira 2023 boma layamba kugawa matabuleti oyendera mphamvu ya dzuwa m'masukulu a pulayimale kudzera mu BEFIT, othandiza ana a m'makalasi oyambirira kuwerenga ndi masamu. N'zabwino. Koma tabuleti imapereka funso limene wina analikonza kale pamodzi ndi yankho lake. Galimoto yokhotera kumanzere imapereka funso limene palibe analikonza, ndipo mwana amalimbana nalo mpaka lione njira. William Kamkwamba wa ku Wimbe ku Kasungu, atasiya sukulu chifukwa cha fizi nthawi ya njala ija, anatola zitsulo zotayidwa ndi dainamo ya njinga n'kupanga makina amphepo opereka magetsi mu 2002. Anthu ena ankamuyesa wamisala. Mu 2019 dziko lonse linaonera filimu ya moyo wake.

Malo opitako mwana woteroyo alipo kwathu konkuno. Ku Thyolo kuli yunivesite ya MUST, imene inatsegulidwa mu 2014, ndipo pamalo amodzi omwewo pali ophunzira uinjiniya ndi ophunzira nyimbo ndi chikhalidwe. Mu 2020 ku Lilongwe kunatsegulidwa African Drone and Data Academy, kumene achinyamata amaphunzira kupanga ndi kuulutsa madroni. Mwana wa ku Chileka amene wakula akuyang'ana ndege zikutera alepherenji kukafikako? Koma sangakafike ngati chidwi chake tachithyola ali ndi zaka 10. Akuluakulu anati m'mera mpoyamba.

Pempho langa silifuna ndalama. Holide ikubwerayi mupatseni mwana katoni imodzi yosungira zotola zake, ndipo musaitaye posesa. Akapanga chinthu musangoti "wakhoza", mufunseni mafunso atatu: chimayenda bwanji, chinakuvuta n'chiyani, ukapanganso usintha pati? Muuzeni ajambule papepala asanapange, kenako alembe ziganizo zisanu zofotokoza zimene wapanga. Pamenepo ndiye kuti wachita zojambula, sayansi ndi Chichewa nthawi imodzi. Chenjezo n'lakuti azisewera ndi mabatire okha basi, magetsi a m'nyumba asawakhudze, ndipo podula chitini pakhale munthu wamkulu.

Ndipo inu alembi anzanga, ana amenewa akusowa mabuku a Chichewa ofotokoza chifukwa chimene waya amalirira ndi chimene tayala limazungulirira. Ndakatulo zachikondi tili nazo zambiri. Ndani mwa ife ayambe kulembera mwana wa ku Lirangwe nkhani ya kamota?